Mikanda ya Amayi ndi Makina a Taki

Ine mtima wodikira ndilibe. Ndanena poyambirira kuti mudziwiretu, chifukwa vuto lonse linayambira pa khalidwe langali.

Sukulu ndinaisiyira mu desima, kalasi yakhumi, chaka chimene bambo ananyamula bokosi lawo la zitsulo n'kuwoloka mlatho kupita ku Moatize kwa mkazi wina. Anzanga anapitiriza, ndipo ena lero amagogoda nsapato m'maofesi ozizira. Ine ndinatsikira ku Nhartanda kukathirira kabichi ndi tomato pamodzi ndi amayi. M'mawa kumunda, masana pamsika, madzulo kunyumba ku Chimadzi, fumbi mpaka m'mano. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha choncho. Musandifunse ngati zinkandiwawa. Mpaka lero ndikaona mtsikana wa yunifomu ndimayang'ana kumbali.

Mimba ya amayi inayamba kukula nyengo ya masau. Azimayi a pamsika sanachedwe kuiona.

"Anzathu, kodi a ku Moatize aja amabwera mozemba?" anatero mayi wina wogulitsa nsomba zouma.

"Akabwera ndidzakutumizirani, muli ndi malo," amayi anayankha, onse n'kuseka.

Koma kuseka kunatha pamene anayamba kulephera kunyamula ndowa ziwiri kuchokera pachitsime. Kenako ndowa imodzi. Ankadya supuni zitatu n'kunena kuti akhuta, msana wa kumanzere ukuwaphwanya. Ndinawakokera kuchipatala chaching'ono cha kwathu, kumeneko anatitumiza kuchipatala chachikulu, ndipo atawapaka mafuta ozizira pamimba n'kuwaunika ndi ekografiya, anatilowetsa kwa dotolo wa opaleshoni.

Anali mayi wamfupi, wa tsitsi lometa, wochokera kummwera. Chinyanja sankachidziwa, amayi nawo Chipwitikizi chawo n'cha pamsika chowerengera tomato, ndiye womasulira ndinali ine.

"Chotupa chilipo, chachikulu ngati mutu wa khanda," anatero dotoloyo. "Koma ekografiya yangondiuza kuti m'nyumba muli mlendo. Sinandiuze kuti wakhala pati, watsamira chiyani, wagwira chiyani. Ine sindidula munthu mongopapasa. Ndikufuna taki."

Ndinafunsa kuti taki n'chiyani. Anatenga cholembera n'kuchidula m'malere ndi chala, pang'onopang'ono, ngati mmene timadulira nkhaka. Anati ndi makina ojambula m'kati mwa thupi zidutswazidutswa, popanda mpeni. Akaona zidutswazo adziwa poyambira kudula, njira yodutsa, ndi zoyenera kuzipewa. Anawalemba amayi pa ndandanda ya opaleshoni ya milungu itatu kutsogolo. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Chotupachi chikufinya njira ya mkodzo, impso yayamba kutupa. Tsikulo likafika ndilibe zithunzi, malowa ndipatsa wina, ndipo ena adzapezeka patali. Impsoyo siidikira mpaka pamenepo. Wamva?"

Ndinamva. Kwa amayi ndinangomasulira kuti, "Akuti tisachedwe."

Tsiku la taki tinafika dzuwa lisanapse, amayi asanadye kanthu monga anatiuzira. Bicha, mzere wa odikira, inali itayamba kale pakhonde. Tinakhala maola atatu. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, ngakhale benchi imatuluka thukuta. Pamene ankatiitana n'kuti mutu wanga ukuwira.

Woyendetsa makinawo, amene onse ankamutcha tekiniko, anali bambo wonenepa wa Chinyungwe, wokonda nthabwala. Anatulutsa pepala n'kuyamba kufunsa m'Chipwitikizi. Ali ndi mphumu? Shuga? Mankhwala ena amawatulutsa zidzolo? Ali ndi pakati?

"Ayi. Ayi. Ayi. Ayi, mukuona msinkhu wawo."

"Chitsulo chilichonse m'thupi kapena pathupi?"

"Ayi."

Amayi anandikoka dzanja. "Akuti chiyani?"

"Palibe, za mapepala."

Ndolo ndinali nditawavula kale, pini ya pa kapulana, chitenje chawo, ndinali nditaichotsa. Ndinaona kuti kumasulira funso lililonse n'kutaya nthawi. Amayi analowa kuseri kwa katani okha, anavala mkanjo wa chipatala, namwino n'kuwagoneka pa kabedi kopapatiza kolowa m'chibowo cha makinawo. Ine ndinatuluka.

Sipanathe mphindi zisanu, chitseko chinatseguka.

"Mana, tabwera kuno," anatero tekiniko, akundiitana ngati mlongo wake.

Anandilowetsa m'kachipinda kozizira kokhala ndi galasi lalikulu. Pa kompyuta panali chithunzi cha thupi la amayi, nthiti, msana, mafupa a m'chiuno. Ndipo chopingasa m'chiunomo panali mizere itatu yoyera mbee, yokhala ndi timadontho tondondozana.

"Wati palibe chitsulo. Nanga uwu ndi mpanda wa nkhuku?"

Mikanda ya m'chiuno mtsikana aliyense amaidziwa, ndi ya mkazi ndi mwamuna wake, maso ena saiona. Koma ya amayi anga ndinali ndisanaionepo. Mwana saona chiuno cha make. Ndipo sindinaganizepo kuti munthu angatunge mikanda pa waya.

Tekiniko anandionetsa chidutswa chimodzi cha pamalopo. Chinali chodzaza ndi mizere yowala yothamangira mbali zonse, ngati dzuwa lolowa padenga lobooka.

"Waona? Chitsulo chimachititsa makinawa khungu. Ndipo pomwe pali dzuwali ndi pomwe adotolo akufuna kuona. Mankhwala a mumtsempha sindinawabaye, mwayi wake. Kawauze avule."

Namwino anayesa kuikankhira m'mwamba. Sinasunthe. Mimba inali itatupa moti waya unali utalowa m'mnofu, ndipo panalibe mfundo yomasula, nsonga zake zinali zopotedwa n'kufinyidwa ndi chitsulo. Namwino anati akatenge chodulira. Nditamasulira, amayi anadzuka pa kabedi kaja n'kugwira mkanjo ndi manja awiri.

"Ayi."

"Amayi, ndi waya chabe."

"Anamanga ndi amene adzamasule."

"Ali ku Moatize akudya za mkazi wina! Mukufuna mufe chifukwa cha munthu ameneyo?"

"Ndanena."

Ndinakalipa, namwino ananyengerera m'Chinyungwe, tekiniko anayesa nthabwala. Amayi anangoyang'ana khoma. Panja panali mnyamata wa ngozi ya njinga yamoto atagona pa machira, magazi ali m'khutu. Tekiniko anapukusa mutu n'kulemba pa kapepala.

"Lachinayi likubwerali ayi, linalo. Malo ena opaleshoni isanafike ndilibe. Mubwere opanda mpanda."

Ndikanawafunsa funso lija pakhonde, kapena dzulo lake kunyumba pamene ndinkawerenga pepala la malangizo, tikanakhala ndi masiku okonzekera. Zimenezi ndinkazidziwa, ndipo n'zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Munthu akalakwa yekha amasowa womukalipira, ndiye ndinakalipira amayi njira yonse mpaka ku Chimadzi.

Anandisiya ndithe. Titafika anakhala pamkeka pansi pa mtengo wa nimu n'kuyamba kulankhula ngati akuuza mtengowo. Anati iwo ndi bambo anakwatirana ku Malawi, mumsasa wa othawa nkhondo, onse atathawa ku Angónia. Mikanda anaipeza, koma ulusi wa kumeneko unkangoduka. Bambo, amene kuyambira kale manja awo ndi a mawaya, anamasula dinamo yakufa ya njinga n'kutulutsamo waya wa mkuwa. Anaupota kawiri, anatungira mikanda, anamanga ndi alikate yawo, chitsulo chopanira ndi kudulira waya.

"Pa mimba ya achimwene ako anamasula ndi iwo, nditachira anamanganso. Pa mimba yako chimodzimodzi. Dzanja lina silinaukhudzepo."

"Ndiye chikondi chimenecho? Chikondi cha waya?"

"Iwe sudziwa kanthu."

"Ndikudziwa kuti impso yanu ikutupa."

Tsiku lachitatu ndinabwereka alikate kwa wokonza njinga. Masana amayi atagona pamkeka, ndinayandikira chogwada n'kugwira m'mphepete mwa kapulana yawo. Sanatsegule ngakhale maso.

"Ukadula, upite nawo wayawo ukhale mayi ako."

Ndinabweza dzanja.

Njira yake yoyenera ndinkaidziwa. Nkhani ya m'nyumba imayenda ndi ankhoswe, mwana sailowerera. Koma nkhoswe ya amayi inamwalira kalekale, ya bambo ili ku Angónia kumudzi kosagwira foni. Achimwene anga ali ku Beira, ndipo nditawaimbira anangoti, "Mlongo, nkhani imeneyo ine sindingaitchule kwa bambo, pakamwa pangandiume." Nambala ya bambo imene ndinali nayo inali yakufa.

Lolemba ndinakwera chapa, minibasi ya ku Moatize. Tinawoloka Zambezi, tinadutsa Chingodzi, magalimoto a malasha akutipemerera fumbi lakuda pawindo. Njira yonse ndinkakonza mawu aulemu. Ndinkati ndiwaitanira pambali, ndigwada, ndizungulira nkhani monga amachitira anthu olera bwino.

Ndinawapeza pa garaja ya m'mphepete mwa msewu, miyendo yokha ikuoneka pansi pa galimoto yaikulu. Panali amuna ena anayi, mmodzi wachikulire wa kofiya yachisilamu atakhala pa tayala akumwa tiyi. Bambo anatuluka chagada, anandiyang'ana nthawi yaitali. Imvi zinali zitawagwira.

"Wakula," anatero.

"Anthu amakula ngakhale osawathirira."

Mawu aulemu aja anathera pomwepo.

Ndinawauza kuti amayi akudwala, ali ndi chotupa, akufunika opaleshoni. Anayamba kupukuta manja pa sanza, maso ali pansi. Anati pepa, anati ntchito yachuluka, galimoto iyi mwini wake akuifuna mawa, anati mwina kumapeto kwa mwezi adzabwera kudzawaona. Ankalankhula ngati ndabwera kudzapempha sopo.

"Sindinabwere kuti mudzawaone," ndinatero, ndipo sindinatsitse mawu. "Ndabwera kuti mukadule waya umene munamanga m'chiuno mwa amayi anga. Makina akukana kujambula. Iwo akuti wodula ndi inu nokha."

Mmodzi anayamba kuyang'anitsitsa tayala ngati aliona koyamba. Wina anapita kukafuna sipanala imene inali m'manja mwake. Mwana wamkazi satchula chiuno cha make kwa bambo ake, nanji pamaso pa amuna. Ndinkadziwa. Nkhope ya bambo inagwa ngati khoma la dothi nthawi ya mvula.

"Ulibe mwambo," anatero motsitsa.

"Mwambo ndinausiya mu desima, pamodzi ndi mabuku."

Anapinda sanza ija kanayi, n'kuitambasulanso. Kenako anafunsa, osandiyang'ana.

"Akadali nawo?"

"Walowa m'mnofu. Lachinayi, seveni koloko, kuchipatala chachikulu, khomo la taki. Mukapanda kubwera opaleshoni palibe."

Ndinatembenuka. Kumbuyo ndinamva mkulu wa kofiya uja akuyika kapu pansi n'kuuza bambo m'Chipwitikizi chake cha kumpoto, "Mesitiri, galimoto siifa ndi kudikira." Bambo sanalonjeze kanthu.

Amayi nditawauza zimene ndinachita, anagwira pakamwa.

"Pamaso pa anthu?"

"Anayi."

"Mwana iwe unabadwa ndi minga." Kenako anafunsa kuti bambo anati chiyani. Ndinati anafunsa ngati mukadali nawo. Amayi anangoti, "Hm," n'kupitiriza kusankha nyemba.

Lachinayi tinafikanso m'mamawa. M'chikwama changa munali alikate ya wokonza njinga uja, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti zikavuta ndidula ndekha, anditemberere ali moyo. Seveni inakwana. Hafu pasiti. Tekiniko anasuzumira pakhomo.

"Mana, mpanda uja?"

"Ukubwera wodula."

"Ndilowetsa awiri patsogolo panu. Wachitatu ndi inu, mpanda kapena ayi."

Woyamba analowa n'kutuluka. Wachiwiri analowa. Amayi anakhala mowongoka pa benchi, manja pamiyendo, milomo youma ndi njala, osayang'ana kuchipata ngakhale kamodzi. Ine ndinkayang'anako mpaka khosi kuwawa. Ndinali nditayamba kutsegula zipi ya chikwama pamene ndinawaona akubwera m'khonde, atavala malaya oyera ositidwa, nsapato zili ndi fumbi la malasha. M'thumba la malayawo munkaoneka zogwirira zofiira za alikate.

Anaima patsogolo pa amayi n'kuvula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka, kaya inu."

"Tadzuka."

Zaka zisanu ndi ziwiri, moni wake umenewo.

Namwino anawalowetsa kuseri kwa katani awiriwo. Ine ndi iye tinaima kunja kwake, ndipo katani si khoma, zonse zinkamveka.

"Walowa kwambiri," anatero bambo. "Ndikupwetekani."

"Dulani. Koma mukudziwa tanthauzo lake."

"Ndikudziwa."

"Nenani."

Namwino anayang'ana kudenga.

"Ndine ndinachoka," anatero bambo. "Inu simunalakwe kanthu. Ndine ndathetsa."

"Dulani tsopano."

Kunamveka thapu. Kenako thapu. Kenako thapu. Ndipo mikanda inamwazika pa simenti, yofiira, yoyera, yabuluu, ikugubuduzika kutulukira pansi pa katani mpaka kumapazi a tekiniko.

"Eee, mwandibweretsera mapira?" anatero iye, koma anawerama n'kuyamba kutola. Namwino anabweretsa kabotolo kopanda kanthu, kaja amaperekera mkodzo wokayeza, ndipo tonse tinagwada n'kumatolera mmenemo. Bambo anatuluka maso ali ofiira, anagwada nafe, zala zawo zakuda zikulephera kugwira timikanda tating'ono. Ine ndinangowayandikizira kabotoloko.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti ndinkawaona molakwika amayi. Ine ndinkati akukakamira mwamuna. Iwo anadzandiuza pambuyo pake, tili kumunda, kuti munthu uja anachoka osanena mawu, osaitana ankhoswe, ndipo kwawo ku Angónia nkhani inali yoti mkaziyo ndiye anamuthamangitsa ndi pakamwa. Akanadula okha, bodzalo likanakhala loona. "Ndinkafuna manja ake anene, pakamwa pake pavomereze," anatero. Ndinawauza kuti anatsala pang'ono kulipira impso chifukwa cha mawu ochepa chabe. Anati impso ali nazo ziwiri, dzina ndi limodzi. Mpaka lero sindigwirizana nawo, koma ndinasiya kuwatcha opusa.

Tekiniko anatulutsanso pepala lake la mafunso. Ulendo uno funso lililonse ndinalitembenuzira kwa amayi, limodzilimodzi, ngakhale la pakati lija, ndipo anayankha okha. Atawagoneka, anandiuza kuti ndikhale naye m'kachipinda kozizira kaja.

"Makinawa amalankhula Chipwitikizi, mayi ako samva. Ndikakodola, uwauze pa maikolofoni apa kuti apumire m'kati n'kugwira mpweya. Akapuma pakati, chithunzi chigwedera. Uwachenjezenso kuti mankhwala akalowa amva kutentha thupi lonse ngati adzikodzera. Sanadzikodzere."

Ndinawauza. Mawu anga anamveka m'chipinda chonse, aakulu ngati a wansembe.

"Amayi, pumirani m'kati. Gwirani. Musapume."

Makina analira ngati ndege ya ku Chingodzi ikamanyamuka, kabedi kanayenda.

"Pumani."

"Ndamva, usandikalipire," anayankha ali m'chibowomo, tekiniko n'kuseka mpaka mimba kugwedezeka.

Kenako zidutswa zinayamba kubwera pa kompyuta, chimodzi pambuyo pa chinzake, zoyera bwino, dzuwa lija palibe. Tekiniko ankazungulitsa kagudumu ndi chala ndipo tinkatsika m'thupi la amayi ngati tikutsika m'chitsime. Ndinazindikira fupa la msana. Ndinazindikira chiwindi, chifukwa cha chithunzi cha m'buku la sayansi limene ndinkalikonda. Kenako tinthu tiwiri ngati nyemba.

"Impso," ndinatero. "Iyi ya kumanja ndiye yatupa. Koma iwo amadandaula kumanzere."

Anandiyang'ana cham'mbali. "Unafika kalasi yanji?"

"Desima."

"Zithunzizi timaziona ngati taima kumapazi a munthu. Kumanja kwako ndi kumanzere kwake. Ndiye mayi ako sananame, ndipo iwe waona bwino. Ena amabwera kuno ndi mapepala awo osaiona impso yotupa." Anazungulitsanso kagudumu. Chinthu chachikulu chotuwa, chozungulira, chinadzaza chithunzi chonse. "Mlendo uja ndi ameneyu. Zambiri akakuuzani adotolo, ine ndimangojambula."

Patapita masiku anayi tinakhala kwa dotolo wa tsitsi lometa uja. Anatembenuza kompyuta kuti tonse tione, ndipo analankhula pang'onopang'ono kuti ndimasulire zonse. Chotupacho chinamera pa thumba la mazira la kumanzere. M'kati mwake munali madzi okhaokha, khungu lake losalala. Anatisonyeza kamzere kakuda kopyapyala pakati pa chotupa ndi matumbo.

"Kamzere aka ndi mafuta. Kakundiuza kuti mlendoyu wangotsamira matumbo, sanawagwire. Uwu ndi mtsempha waukulu, uli patali, bwino. Koma taonani apa." Analoza kadontho koyera. "Iyi ndi njira ya mkodzo. Malo ake si ano, chotupa chaikankhira kutsogolo, pomwe ndikanadutsa ndi mpeni. Ndikanalowa osaona, ndikanatha kuidula. Tsopano ndiyamba ndaipeza, ndiikankhire pambali, kenako ndimange mitsempha ya chotupa."

Anati sakuona chizindikiro choti chafalikira kwina, koma mawu otsiriza adzanena ndi oyeza chotupacho chikachotsedwa. Anawagoneka amayi n'kujambula ndi chala mzere wotsika kuchokera pamwamba pa mchombo. Chalacho chinadutsa pa mabala atatu opingasa amene waya unasiya.

"Apa panali chiyani?" anafunsa.

Ndinamasulira. Amayi anati, "Uwauze kuti unali mpanda. Tinaupasula."

Achipatala anapempha kuti abale apereke magazi osungira. Ndinapereka ine. Tsiku lomwelo ndinapeza bambo pa benchi ya kumeneko atapinda mkono, thonje lili pamtsempha. Amene anawauza sindikumudziwa. Anandifunsa ngati ndadya, ndinati eya, anakwera chapa kubwerera ku Moatize. Sanabwerere kwathu, ndipo palibe amene anawapempha kutero.

Opaleshoni inachitika pa tsiku lake, m'mawa. Ndinakhala panja maola atatu ndi theka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinakalipire aliyense pa bicha. Dotolo anatuluka chovala cha kumutu chili chonyowa ndi thukuta, anandiuza kuti zonse anazipeza pamene zithunzi zinanena, njira ya mkodzo ili bwino, chotupa chatuluka chathunthu chosaphulika. Zotsatira za oyeza zinatenga milungu yambiri. Zitabwera, anati si khansa.

Amayi anakhala miyezi iwiri osanyamula ndowa, akundilamulira ali pamkeka ngati kapitawo. Tsiku lina pobwera kumunda ndinawapeza atakhuthulira kabotolo kaja m'mbale, akutunga mikanda pa ulusi wa mbedza umene anapempha kwa mayi wa nsomba zouma uja. Inatsala yokwana mizere iwiri, ina inathera pansi pa makabati a chipatala.

"Mukutungiranso ndani?" ndinafunsa.

"Chiunochi n'changa. Tembenuka."

Ndinatembenuka n'kuwapatsa msana. Anamanga okha, mfundo yokoka, yoti akafuna amasula ndi zala ziwiri.

Tekiniko uja ndimakumana naye nthawi zina pamsika, amagula tomato kwa ife ndipo amasankha ngati akufuna mkazi. Nthawi zonse amandifunsa kuti makalasi a madzulo ndiyamba liti. Ndimamuuza kuti asamale zake. Koma fomu ndinakatenga, ili pansi pa matiresi, ndipo theka ndalemba kale.

Mwezi watha tinapitanso kuti akaone ngati impso yaphwa. Namwino watsopano anatulutsa pepala n'kuyamba kufunsa m'Chipwitikizi, ndipo ine, mwa chizolowezi, pakamwa panali patatseguka kale. Amayi ananditsina pantchafu mpaka ndinalumpha.

"Akuti chiyani?"

"Akufunsa ngati mukumva kuwawa pena pake."

"Uwauze kuti ayi. Uwauzenso kuti kabichi wathu wakhwima, akafuna abwere ku Nhartanda."

Ndinamasulira zonse, mpaka kabichi yemwe.